Mjigo wa Abiti Ayuba

Tsiku limene Falida anaona nkhope ya malemu amayi ake itadindidwa pazitenje, mtima unamutentha mpaka kukhosi. Zitenjezo anabwera nazo mlongo wake Salimu, mwini malole khumi ndi awiri ku Limbe, amene anali atangoyambitsa bungwe lothandiza anthu m'dzina la amayiwo, Abiti Ayuba. Wapampando anali iye mwini. Woyendetsa ntchito, mkazi wake Zuwena. Mlembi, mwana wawo wa kuyunivesite. Falida anangopatsidwa chitenje chimodzi ndi udindo woyambitsa nthungululu.

Nanga anasambitsa amayiwo zaka zinayi atafa ziwalo anali ndani? Ankawakankha panjinga kupita kuchipatala, matope a musikimu ya mpunga ya Likangala akulekeza m'mawondo, anali ndani? Salimu ankangoimba foni. Lero mudzi wonse ukuti ndiye mwana wokumbukira kwawo.

"Achemwali, tikukumbirani mjigo," anatero Salimu atatsamira galimoto. "Lamulo la bungwe ndi mjigo umodzi dera lililonse. Wakuno ukhala paja pamgwalangwa, kumunsi kwa dambo. Ndikabwera ku holide ndinkawapeza amayi pamenepo tsiku ndi tsiku. Ankapakonda kwambiri."

Falida anatsala pang'ono kuphulika ndi phwete. Ankapakonda! Amayi ankapita kumeneko kukapala dothi loyera lija, kulisefa mumphika woboola, n'kuphika madziwo mpaka asanduke mchere wokagulitsa ku Songani, kuti Salimu asachoke pasukulu yogonera konko. Falida anasiyira Sitandade 4 kuti azisenza dothilo. Pansi ponse pamenepo mpamchere, mbuzi zomwe zimadziwa.

Anadikira. Mwana wa amayi ake akanangoti, "Achemwali, inu mukuona bwanji?" basi, akanamuuza zonse. Koma Salimu anali atatembenuka kale, akufunsa Zuwena ngati mgwalangwawo udzaoneke bwino pachithunzi.

"Mwasankha bwino, Che Salimu," anatero Falida.

Madzulo a tsikulo Alice, mnzake woyandikana naye nyumba, anamupeza akupeta mpunga.

"Iwe, kamuuze m'bale wako za mchere wa pamgwalangwapo. Ife tikanena ati tikunyoza mphatso. Onse akuyang'ana iwe."

"Ali ndi komiti ya anthu ophunzira."

"Komiti yakoyo ndi imene izisenza ndowa kuchokera ku Likangala? Nsanje ikumaliza, mkazi iwe."

"Nsanje? Ndichitire nsanje chimimba chija?"

"Tikaphonya mjigo uwu palibenso wina. Msana wanga watha kale, Falida."

Mawu amenewo anamubaya. Mashini okumbira mjigo atayamba kulira pamgwalangwa, Falida anatenga foni n'kuimbira mlongo wake. Anayankha Zuwena.

"Alamu, abwana ali pamsonkhano. Ngati ndi za ufa, musavutike, titumiza Loweruka."

Falida anadula foni. Za ufa! Anakhala pakhonde masiku atatu onse akumvera mashiniwo akuboola, ndipo chitsulo chikamalowa pansi iye mumtima ankati: lowa, lowa ndithu, akalawe okha zimene amayi ankasenza.

Tsiku lotsegulira kunadzaza anthu, a kumzikiti ndi a kutchalitchi omwe, onse atavala nkhope ya Abiti Ayuba. Salimu analankhula nthawi yaitali za chikondi cha mayi. Kenako anagwira mjigo n'kupopa, madzi anatuluka oyera mbee, Zuwena n'kutchera kapu yagalasi. Wojambula anagwada. Salimu anamwa.

Masaya anafufuma. Maso anatong'oka. Anayang'ana kamera, anayang'ana anthu, n'kumeza movutikira ngati akumeza mwala.

Nthungululu ya Falida inamveka mpaka kunyanja. Analiza yekha, palibe anamulandira.

Salimu anamukokera kuseri kwa galimoto.

"Achemwali, munkadziwa?"

"Amayi ankatani pamenepa, Salimu? Unkayesa ankaothera dzuwa? Buku lako lililonse linatuluka m'dothi limeneli, pamutu panga pano."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Bwanji sunafunse?"

Salimu anawerama n'kuyang'ana dothi loyera limene linamatirira kunsapato zake. Falida anali atadikira zaka makumi atatu kuti amuone atazyolika chonchi, ndipo kunena zoona, kunakoma.

"Mashini apita kale kudera lina," anatero Salimu motsitsa mawu. "Madera ena asanu ndi atatu akudikira, tinawalonjeza. Kuno sindikudziwa tidzabwerera liti."

Galimoto zinanyamuka, fumbi n'kutsalira.

M'mawa mwake Falida anatuluka ndi ndowa. Amayi a m'mudzimo anali kale pamzere panjira ya ku Likangala, Alice ali patsogolo, dzanja limodzi atagwira msana.

"Mwadzuka bwanji, anzanga?"

Palibe anayankha. Alice anangomuyang'ana kamodzi n'kupitiriza ulendo.

Anadutsa pamgwalangwa. Dzina la amayi linali kunyezimira pachitsulo, ndipo mbuzi zitatu zinkanyambita simenti pamene madzi adzulo anaumira. Kukoma kuja Falida anakufunafuna mumtima, osakupeza. Njira inali yomweyo, yaitali ngati kale, koma tsopano yopanda womuyankhula.

Atafika kumtsinje anazindikira kuti waiwala nkhata. Anamasula chitenje chatsopano chija, nachipinda nkhope ya amayi ili mkati, n'kuchiika pamutu. Ndowa anadzitwika yekha.