Mtanda Wothyoka pa Benchi la Kalipentala

Abusa anafika atasenza mtanda, thukuta lili kamukamu, n'kuutsamiritsa kukhoma la shopu. Unali wa padenga la tchalitchi, ndipo mphepo inali itauthyola mkono umodzi.

"Akalipentala, mutikonzereko uwu."

Kalipentala sanadzutse mutu. Panali patatha milungu isanu chiikireni mwana wake wamkazi, mmodzi yekhayo, amene anamwalira pobereka. Bokosi anakhoma yekha pa benchi lomwelo.

"Pamaliro paja munati Mulungu akudziwa ululu wanga poti nayenso anataya Mwana," anatero uku akupala thabwa. "Koma wawo uja anadzuka patatha masiku atatu, abusa. Kwathu kuli zii mpaka lero."

Abusa anakhala pa chitini cha penti. "Ndinafulumira pakamwa. Pepani."

"Ndinali pakhonde la chipatala, ndikumumva akuitana, 'Ababa! Ababa!' Anamwino anandikaniza kulowa. Manja awa palibe chimene amalephera kukonza, koma tsiku limenelo ndinangowapinda."

"Yesu naye anaitana Atate ake pamtanda, osayankhidwa," anatero abusa chapansipansi. "Chifukwa chake sindichimvetsa bwino. Ndingodziwa kuti kumene mwana wanu analira, Iye anayamba wafikako."

Kalipentala anagoneka mtandawo pa benchi, n'kucheka thabwa latsopano, n'kulipaka guluu. Msomali woyamba unalowa bwinobwino. Atakweza hamala kachiwiri, anaima osakhoma. Zaka zonsezi ankangoganiza za amene anakhomedwa. Sanaganizepo kuti panali bambo amene ankamva kugunda kulikonse kwa hamala.

Anagwada mu utuchi n'kulira ngati mwana. Abusa sanatsegule Baibulo. Anangogwirizira mkono wa mtandawo kuti usasunthe mpaka guluu atagwira.

Dzuwa lili paliwombo, kalipentala anatseka shopu n'kupita kunyumba. Anapeza mkazi wake akuyanika zovala. Chichitikireni maliro, awiriwa ankangolankhulana za madzi osamba ndi makiyi.

"Amayi ake," anatero kalipentala, "inu munali naye m'chipatala muja. Ankadziwa kuti ndili panja pompo?"

Mkaziyo anaima, malaya onyowa akudontha m'manja mwake.

"Ndinamuuza. Anati ndikuuzeni mukhale pansi, miyendo yanu ija imatupa."

Kalipentala anakhala pansi pomwepo, padothi, ndipo mkazi wake anadzakhala pambali pake.