Fomu ya Lusayo

Lamuloli analibweretsa ndi Lusayo, ndipo ankalinyadira ngati mwana wake woyamba. Kagulu kawo ka ku Birmingham kamapereka mphotho chaka ndi chaka kwa wolemba nkhani yabwino yonena za amuna okonda amuna anzawo kapena akazi okonda akazi anzawo. Chaka chatha mphothoyo inapita kwa bambo wina wa mkazi ndi ana atatu, amene atafunsidwa anangoti mutuwo unamusangalatsa. Lusayo anachotsedwa m'kwaya ndi kukanidwa ndi bambo ake omubereka chifukwa cha mutu wosangalatsawo, ndiye atamva zimenezo magazi anawira. Anaikakamiza komiti mpaka inagonja kuti wopambana azisaina fomu yovomera kuti naye ndi mmodzi wa iwo, okonda amuna kapena akazi anzawo.

Chaka chino oweruza onse anatengeka mtima ndi nkhani imodzi. Inali ya mkazi wa ku Dedza amene wokondedwa wake wamseri, Edna, anamwalira. Kumanda, poika nkhata, anaitana mwamuna wa malemu, ana, achibale, ampingo. Iye anaitanidwa kumapeto m'gulu la anzake akuntchito, anthu asanu ndi atatu nkhata imodzi, ndipo anangogwirako kansonga. Lusayo anaiwerenga m'sitima, misozi ili mbwembwembwe.

Koma Shanice, wapampando, atamuonetsa dzina la wolemba, misozi inauma. Deliwe Nkhoma wa ku Whitmore Reans, dera lapafupi ndi Birmingham! Mayi wapabanja, wosamalira okalamba, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi chomwe chija chinamuthamangitsa. Mayi ameneyu akakumana naye kumsika ankasanduka wotanganidwa ndi mitengo ya tomato. Lero akufuna kudyera misozi ya anthu amene sawapatsa ndi moni womwe? Lusayo sanakaike kuti nkhaniyo anachita kuba, mwina kwa mtsikana wina amene anakaulula kuti amupempherere. Anauza Shanice kuti fomuyo akaipereka yekha.

Loweruka masana anagogoda pa kanyumba kopanikizana ndi zinzake. Deliwe anatsegula ali m'yunifolomu yakuntchito, namulandira ndi ulemu wozizira. Mwamuna wake anali m'chipinda chochezera, akuonera mpira pa wailesi yakanema, choncho anakhala kukhitchini. Lusayo sanazungulire. Anafunsa kuti nkhaniyo anaitenga kwa ndani. Mayiyo anati anailemba yekha, pa foni, nthawi yopuma. Anamufunsa za Dedza, za nyimbo ya pamaliropo, za mtundu wa maluwa, ngati wapolisi wofuna kukola wakuba, ndipo mayankho ankabwera osapunthwa. Lusayo anangoti mumtima, akuba ena amakonzekera.

Kenaka anayala fomu patebulo. Panali funso limodzi ndi timabokosi tiwiri, inde ndi ayi. Deliwe anaiwerenga kawiri, nafunsa motsitsa mawu kuti aione ndi ndani. Lusayo anayankha mokhutira kuti komiti yonse, ndiponso dzina la wopambana limalengezedwa pamwambo, chithunzi n'kuikidwa pa intaneti.

"Ndinkayesa amangojaja nkhani, achimwene," anatero mayiyo. "Chaka chatha kunalibe zimenezi."

"Chaka chatha anthu anatidyera masuku pamutu, mayi."

M'chipinda muja bambo anakuwira chigoli, kenaka anafunsa ngati mlendo wapatsidwa tiyi. Deliwe anayankha mwansangala kuti ketulo ili pamoto. Visa ya banja lonse inali pa dzina la Deliwe, ana awiri ali pasukulu, ndipo chithunzi chochoka ku Birmingham sichitenga ola kuti chifike ku Dedza. Anatenga cholembera nachonga pa ayi, mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

Lusayo anapinda fomuyo mtima uli mbee. Wakuba wavomera yekha. Mayiyo anamuperekeza mpaka pakageti, natseka chitseko cha nyumba kumbuyo kwake.

"Ndifunseko chimodzi. Ma judge aja, Edna anamukonda?"

Lusayo anati anamukonda onse.

"Anali choncho ndithu. Sindinawonjezepo kanthu." Anacheukira kuchitseko. "Zaka naini, achimwene. Ngakhale kulira ndinkalira moyang'ana anthu, kuti ndisapose mwamuna wake."

Anapukuta maso ndi mkono wa yunifolomu n'kubwerera kukathira tiyi.

Lusayo anaima pamsewu. Manyazi anamugwira, manyazi enieni. Kuti mphotho ipite kwa mwini wake, anayenera kuuza anthu asanu ndi awiri a m'komiti chinsinsi chimene mayiyo anangobisira banja lake. Kuti asunge chinsinsicho, nkhani ya Edna inayenera kugwa.

Foni inalira asanafike pokwerera basi. Anali Shanice, akufuna kudziwa ngati wolemba uja ndi mmodzi wa iwo.

"Ayi," anatero Lusayo. "Si mmodzi wa ife. Apatseni achiwiri aja."