Mtima wa Chitsulo

Anzake ankamutcha Chitsulo. Anali dokotala wachinyamata amene ankaphunzirabe ntchito pachipatala chachikulu, ndipo pakamwa pake sipankatuluka dandaulo. Mnzake akadwalitsa mwana, iye ankamugwirira ntchito. Chakudya chake chinali mabisiketi ndi khofi wozizira, kudya kwake choimirira pakhonde. Dokotala wamkulu ankakonda kumuloza: "Taonani mnzanuyu! Udokotala ndi kupirira, osati kumangolirira tulo ngati makanda."

Mutu unkamuwawa pafupipafupi, mtima n'kumagunda ngati wathamanga ali chikhalire. Sanadziyeze. Ankadziwa kale zimene makina oyezera akanamuuza.

Tsiku lina masana, akupima gogo wina, chifuwa chinamuthina ngati chapanidwa ndi chitseko. Anagwira m'mphepete mwa bedi, n'kutsetsereka mpaka pansi. Gogoyo ndi amene anakuwa kuitana manesi.

M'mawa mwake anali gone pabedi lapakona m'wodi yake yomwe, mawaya ali mbwee pachifuwa, mlongo wake wamkulu atakhala pambali, maso ali psuu. Dokotala wamkulu analowa ndi gulu la ophunzira.

"Lero muli ndi mwayi," anawauza. "Mtima wa mnyamata, koma wafooka. Chingauwononge n'chiyani?"

"Kuthamanga kwa magazi," anayankha wina.

"Kusagona, nkhawa, kudya mosalongosoka," anatero mtsikana wina, akuyang'ana pansi.

"Mwakhoza. Odwala oterewa vuto lawo n'kunyalanyaza zizindikiro."

Chitsulo anadikira kuti mkuluyo amuyang'ane kumaso. Koma mkuluyo anangoyang'ana makina.

"Pepani adokotala," mlongo uja analowerera, "kodi akanagona nthawi yanji? Kunyumba timamuona ngati mlendo."

"Achemwali, chonde," Chitsulo ananong'ona. Chinamunyansa n'chakuti ngakhale apa ankaopabe kuoneka wofooka.

"Mayi, tonsefe tinadutsa momwemo," anatero mkuluyo akumwetulira, n'kupita pabedi lotsatira.

Atatuluka m'chipatala, akuluakulu a maphunziro ake anamuuza kuti abwereze chaka, chifukwa masiku ake a ntchito sanakwane. Mankhwala azimwa moyo wake wonse.

"Ingosiya," mlongo wake anamuchonderera atafika kunyumba. "Ndikwirire mng'ono chifukwa cha jekete loyera?"

"Ndisiye ndikatani? Palibenso china chimene ndimadziwa."

Chitsulo anatenga simbi n'kuyamba kusita jeketelo. Asanamalize mkono wachiwiri, mpweya unamuthera. Anakhala pampando, ndipo mlongo wakeyo anamalizitsa kusitako.