Chiswamphika mu Mpiru wa Zulaikha

Kuseri kwa nyumba yake ku Area 23, Zulaikha anali ndi kadimba ka mabedi atatu, awiri a mpiru, limodzi la matimati. Chilimwe chimenecho mpiru unayamba kubooka. M'mawa uliwonse masamba ankapezeka ndi zibowo zatsopano, koma wakubayo sankaoneka.

Tsiku lina akuthirira, anaphana maso ndi chiswamphika. Chinali chobiriwira ngati mpiru womwewo, chotalika ngati chala chapakati, manja chitapinda pachifuwa. Zulaikha atasunthira kumbali, nacho chinatembenuza kamutu n'kumutsatira.

Anavula patapata kuti achiphwanye, koma dzanja linaima m'malere. Kwawo ku Machinga ankawauza ali ana kuti wopha chiswamphika amaswa miphika. Iye zimenezo sankazikhulupirira, ndiponso mapoto ake onse anali achitsulo, okhomedwa ndi amuna ake a Lajabu, amene ankapanga zidebe ndi mbaula pamsika. Chinamuletsa n'china: tsamba limene chiswamphikacho chinakhalapo linali lathunthu, lopanda chibowo ngakhale chimodzi.

"Mayi Lajabu, mwaona njoka?"

Anali a Josiah, bambo wachikulire woyandikana naye nyumba, amene anapuma ntchito ya fodya ku Kanengo. Ankasuzumira pampanda wa bango umene unalekanitsa repu wawo ndi mpiru wake.

"Ayi abambo, ndi chiswamphika."

"Ndiye wakuba wanu ndi ameneyo. Mawa ndikupopera repu wanga. Mankhwala akatsala ndidzapoperanso kwanuko, zonse zithe psiti."

"Zikomo, koma tadikirani kaye. Ndikufuna ndichione chikudya."

"Mwachigwira m'munda, mukufunanso umboni wanji?" anaseka a Josiah.

Zulaikha anatenga chidebe chakale, n'kuchinyengerera chiswamphikacho ndi kamtengo mpaka chinalowamo. Anaikamo tsamba lanthete la mpiru, n'kuvundikira ndi chidutswa cha neti. Madzulo tsamba linali lathunthu. M'mawa mwake linali litafota, koma losalumidwa.

A Lajabu anasuzumiramo akupita kuntchito. "Mkaidi wanuyu akusala kudya mwezi wosala usanakwane?"

"Mwina sitikudziwa ndiwo zake," anayankha Zulaikha.

Anabwerera kudimba, ulendo uno n'kugwada pansi. Anatembenuza masamba limodzilimodzi, ndipo kunsi kwa tsamba lachisanu anapeza mbozi yobiriwira itagona motsatira mtsempha wa tsamba, yovuta kuiona ngakhale uli pafupi. Atadziwa poyang'ana, anapeza zina zisanu ndi ziwiri. Anatenga imodzi n'kuitana a Josiah.

Mbozi itagwera m'chidebe, chiswamphika sichinapupulume. Chinayamba kugwedezeka pang'onopang'ono ngati tsamba lowombedwa ndi mphepo. Mbozi inakwawa, inaima, n'kukwawanso. Palibe anaona pamene manja anatambasuka. Anangozindikira mbozi ili kale pakati pa minga ya manja aja, chiswamphika chikuidya mosafulumira ngati munthu wokukuta chimanga chowotcha. Chitamaliza chinapukuta kumaso ndi dzanja.

"Aa! Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikupha alonda?" anatero a Josiah. Kenaka anapukusa mutu. "Komabe chimodzi sichingathe mbozi za mabedi onsewa. Ine wanga ndipopera basi."

Anapoperadi, koma anadikira mphepo itembenuke kuti mankhwala asawolokere kwa Zulaikha.

Zulaikha anachibwezera chiswamphika mu mpiru. Kuyambira pamenepo, akamaliza kuchapa ankatenga kampando n'kukakhala pafupi ndi dimba. Anachiona chikugwira kachiwala, tsiku lina ntchentche, tsiku lina gulugufe woyera amene ankakonda kutera pa mpiru. Koma tsiku lina chinagwira njuchi pa duwa la dzungu limene linayanga pampanda. Zulaikha zinamupweteka, poti ankadziwa kuti njuchi ndizo zimathandiza maungu kubereka.

"Mlonda wanga sasankha. Wakuba ndi mlendo kwa iye n'chimodzimodzi," anawauza a Lajabu.

A Josiah sanalakwitse kwenikweni. Chiswamphika chokha sichikanatha, choncho Zulaikha ankatola mbozi zina ndi manja n'kuponyera nkhuku. Zibowo zinachepa, ngakhale sizinatheretu.

Mimba ya chiswamphika inakula, ndipo masiku angapo Zulaikha anachiona chili chadodolido pa bango la mpanda. Kenaka chinasowa. Anachifunafuna mu mpiru, m'matimati, ngakhale kuseri kwa bafa, koma osachipeza.

Mvula itayandikira, a Lajabu anayamba kuchotsa mabango ofumbwa kuti aike atsopano. Akuponya akalewo pamulu woti awotche, Zulaikha anaona pa bango limodzi kanthu kofiirira, kangati thovu louma, kokula ngati mtedza wosasenda. Anakakhudza ndi chikhadabo. Kanali kolimba.

"Ndi matope a mavu amenewo, tayani," anatero a Lajabu.

"Mavu amamanga ndi dothi. Aka si dothi. Ndiponso chiswamphika chija chinkakhala pomwepa."

Analizula pamulupo bangolo n'kulimangirira ku mtengo wa matimati. Sabata zinadutsa popanda chochitika, mpaka a Lajabu analeka kumuseka chifukwa anali ataiwala.

Patapita masiku awiri mvula yoyamba itagwa, Zulaikha anapita kukathyola ndiwo m'mawa n'kupeza bango likunyanyuka. M'kanthu kaja munkatuluka tiziswamphika tating'ono ngati udzudzu, totuwa, tina tikulendewera pa timaulusi, tina titayamba kale kubalalika pamasamba. Kalikonse kanali katapinda timanja take.

"Abambo Josiah! Tabwerani msanga!"

A Josiah anazungulira mpanda, anavala magalasi, n'kugwada m'matope osasamala buluku lawo. Anawerenga mpaka makumi anayi, kenaka anasokonezeka.

"Mundigawireko, amayi," anatero motsitsa mawu.

Anavula chipewa n'kuchitchera. Zulaikha anagwedeza tsamba pamwamba pa chipewacho, ndipo tingapo tinagweramo. Bamboyo ananyamuka mosamala ngati wanyamula mbale yodzaza madzi. Atafika pakhonde anacheuka.

"Nanga timeneti tidya chiyani, poti mbozi n'zazikulu kuposa ito?"

"Inenso sindikudziwa, abambo," anatero Zulaikha, akuweramira tsamba limene kunsi kwake kunali nsabwe za mpiru. "Koma kamodzi aka kakulowera kuli nsabwe uku. Tadikirani ndione."