Ayi wa Atelala

Ophunzira a pa yunivesite ankawatchula Mayi Peresenti, chifukwa ukawafunsa ngati kugwa mvula ankakuyankha ndi nambala. Anali katswiri wa za maganizo ndi khalidwe la anthu, ndipo chaka chimenecho ankafufuza funso limodzi: kodi anthu apabanja amakondanadi, kapena amangozolowerana ngati phazi ndi nsapato yakale?

Vuto la kafukufuku wotere ndi lakuti munthu amanama akamayang'anizana ndi mnzake. Ndiye dipatimenti inagula makina. Anawaika m'kachipinda ka pansi pa masitepe, momwe kale munkakhala zokolopera. Munthu ankalowa yekha, makina n'kumufunsa mafunso khumi ndi awiri ndi mawu aulemu a mzimayi. Pofuna kusunga chinsinsi, makinawo ankatola liwu loyamba lokha la yankho. Likakhala "inde" kapena "eya", nyali yobiriwira. Likakhala "ayi", yofiira. Mawu otsala ankatayidwa, poti mkulu wa dipatimenti, amene anthu ankamutchula a Umboni, ananena kuti zotsalazo ndi phokoso chabe.

Mwina inu mwaiona kale mbuna. Anthu asanu ndi awiri a madigiri olemera anaidutsa osaiona.

Analowamo anthu mazana anayi. Zotsatira zitatuluka, a Umboni anavina m'khonde atanyamula mapepala, tayi ili paphewa. Pa anthu zana alionse, makumi asanu ndi anayi ndi mmodzi sankakonda amuna kapena akazi awo.

"Chikondi kulibe," ankauza aliyense, ngakhale wobweretsa makalata, "ndipo tili ndi umboni."

Msonkhano waukulu wa akatswiri unaitana dipatimentiyo kuti ikafotokoze. Mayi Peresenti nawonso anasangalala, mpaka tsiku limene maso awo anagwera pa mzere 217. Mayina sankalembedwa, koma mzerewo unati: mwamuna, zaka 54, telala, zaka 26 m'banja, mkazi wake ndi wofufuza za maganizo. Iwo eni ake ndi amene anawakoka amuna awo kuchoka pa makina osokera tsiku lina nambala ya oyankha mafunso itaperewera.

Kodi mumawakonda akazi anu? Ayi. Mumasangalala pakhomo? Ayi. Mutabadwanso, mungawakwatirenso? Ayi. Mzere wonse psuu. Ngakhale pa funso loti munaganizapo zothetsa banja, yankho linali ayi.

"Akungosowa mphamvu yochoka m'banjamu," anadziuza Mayi Peresenti, mtima ukuwawa ngati dzino. Iwo ankawakonda atelala awo. Sanawauzepo, chifukwa chinthu chopanda muyeso ankachita nacho manyazi, koma ankawakonda.

Kufunsa sakanatha. Anasaina pepala lolonjeza kuti sadzatsata aliyense woyankha mafunso, ndipo phunziro la chinsinsi ankaphunzitsa ndi iwo omwe. Chaka chatha analepheretsa ophunzira atatu pa nkhani yomweyo. Komanso atelala sanali munthu wa mawu. Tsiku lonse mkamwa mwawo munkakhala mapini, ndipo akawachotsa, milomo inkakhalabe yotseka mwa chizolowezi. Choncho mayi anachita chimene ankadziwa: anagula kabuku katsopano n'kuyamba kafukufuku pakhomo.

Tsiku loyamba anawerenga maso. Pa chakudya cha masana, atelala anayang'ana akazi awo kanayi, mbale kamakumi atatu. Koma nambala yopanda poyerekezera si nambala, ndiye mawa lake anaitana mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo kuti adzadye nawo. Ameneyo anayang'ana mbale kamakumi asanu ndi limodzi, n'kupempha zina. Mayi analemba kuti amuna onse amakonda mbale, koma zimenezi sizinawatonthoze.

Lachinayi anakomoka dala pakhomo la khitchini, wotchi ili m'manja. Atelala anafika patatha masekondi khumi ndi limodzi, atayamba aimika simbi kuti isapsereze thalauza la kasitomala. Anawakupiza ndi katoni yodulira makolala. Nkhawa ya pankhope pawo mayi sanaione, poti anali atatsinzina ngati wokomoka weniweni. M'kabuku analemba: "Simbi poyamba, mkazi pambuyo."

Kenako anayesa chete wa masiku atatu. Atelala nawo anakhala chete, koma ankawayang'ana m'mbali ngati munthu wodikira basi imene yachedwa. Tsiku lachitatu anatsokomola.

"Mayi, kodi kuntchito kuja... zija ndinayankha zija, munazimva?"

"Ndinamva zonse, bambo," anayankha mayi, mawu ali ozizira.

"Zonse?"

"Zonse."

Atelala anaweramitsa mutu, natenga chipewa chawo n'kupita ku shopu osamaliza tiyi. Mayi analemba: "Wavomera."

Sabata yotsatira diresi lawo labuluu linasowa mu wadiropu. Basitu, anatero mumtima, ayamba kundisamutsa pang'onopang'ono, chovala chimodzi pa sabata. Anawerengera kuti pa liwiro limenelo adzakhala atatha m'nyumbamo pofika mwezi wachisanu ndi chinayi. Analira m'bafa, mpopi ali wotsegula, kenako anasamba kumaso n'kupita kukakonzekera msonkhano.

Kutatsala masiku awiri, a Umboni anaitanitsa dipatimenti yonse kuti ayeserere. Makina anawanyamula kuwaika patebulo, kuti alendo a kumsonkhano adzawaone, ndipo amisiri amene ankawasamalira anaiwala kuwazimitsa.

"Mayi, mwakonzeka?" anafunsa a Umboni.

"Ayi, ndakonzeka," anatero Mayi Peresenti.

Piii. Nyali yofiira.

Palibe analabadira. Alembi ankagawa tiyi, nafunsa a Umboni ngati shuga wakwana.

"Ayi, wakwana, zikomo."

Piii.

A Umboni anatembenukira kwa amisiri. "Makinawa ali bwino?"

"Ayi, ali bwinobwino, bwana."

Piii.

Onse anayang'ana nyali yofiira ija. Aliyense ankakumbukira mmene amayankhira moni m'mawa, mmene amayankhira akafunsidwa ngati wakhuta, ngati ana ali bwino, ngati ulendo unali wabwino. Ayi, tadzuka. Ayi, takhuta. Ayi, tayenda bwino. Ka "ayi" kaulemu kaja, kamene munthu amayala ngati mphasa kuti "inde" akhalepo, makina ankakatola n'kutaya mlendo amene.

"Ayi, komatu zimenezi..." anayamba a Umboni.

Piii.

"Tazimitsani chinthucho." Anamasula tayi. Koma a Umboni sanali munthu wogwa osatola kanthu. "Chabwino. Titembenuza. Anthu makumi asanu ndi anayi ndi mmodzi pa zana amakondana. Mutu wa pepala tingosintha liwu limodzi."

"Sitingatero," anatero Mayi Peresenti. "Ayi wina ndi ayi weniweni. Sitikudziwa kuti ndi uti." Anayang'ana amisiri. "Mawu otsala aja, a mzere umodzi wokha, angapezeke?"

"Anapita, mayi. A Umboni anati ndi phokoso."

Apa ndi pamene mantha anawagwira kwenikweni. Dzulo ankadziwa chinthu chowawa; lero sankadziwa kanthu. Anasiya mapepala patebulo, chikwama pampando, natsika masitepe. Pepala la chinsinsi lija analikumbukira ali pa geti, ndipo anati lidye mutu wake. Safunsa anadya phula, ndipo iwo anali atalidya masabata atatu, ndi kabuku komwe.

Shopu ya atelala inali kachipinda kopapatiza pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Pansi panali tizidutswa ta nsalu, pakhoma kalendala ya zaka zitatu zapitazo imene ankaisunga chifukwa cha chithunzi cha masuti. Diresi labuluu lija linali patebulo, litayalidwa, ndipo pambali pake panali lina latsopano, la muyeso womwewo, lopanda mkono umodzi.

"Ndi la kumsonkhano," anatero atelala kudzera m'mapini. "Simumayenera kuliona."

Mayi anaima pakati pa shopu, akupuma ngati athamangitsidwa ndi galu. Wometa anasuzumira, kasitomala wake ali ndi theka la mutu.

"Bambo, ndikufunsani ine, osati makina. Kodi mumandikonda?"

Atelala anachotsa mapini mkamwa, imodziimodzi, kuwabaya pa kapilo. Analipo asanu ndi awiri. Mayi anawawerenga, chifukwa chizolowezi sichifa tsiku limodzi.

"Ayi," anatero atelala.

Mtima wa mayi unati phaa. Koma anagwira m'mphepete mwa tebulo, nadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sekondi imodzi. Ziwiri. Zisanu.

"Ayi, mayi, ine zonse ndinanena kale m'kachipinda kanu kaja. Ndinaona kuti pamaso panu sindingathe, ndiye poti munati makinawo ndi anu, ndinati apa ndiye ponenera. Funso loyamba lokha ndinalankhula mpaka mlonda anagogoda kufunsa ngati ndakomoka. Ndinanena za tsiku munabwera kudzafupikitsa siketi, ine n'kuiononga dala kuti mubwerenso. Ndinanena za nthawi ija munagonekedwa m'chipatala, mmene ndinkasokera matumba a malaya chadodolido. Zambiri. Zina sindingazikumbukire mmene ndinazikonzera, zinangobwera tsiku limenelo." Anapukuta magalasi ndi kansalu. "Ndiye ndakhala ndikudikira yankho. Munati munamva zonse. Ndinaona nkhope yanu, ndinati basi, nkhalamba yadzichititsa manyazi."

Mayi Peresenti anakhala pa mpando wa makasitomala. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi munthuyu anasunga mawu, nawatulutsa onse kamodzi, ndipo makina awo anasungapo liwu limodzi. Anamva chisoni chimene sichikanalowa m'kabuku.

"Sindinamve, bambo. Makina anataya."

"Zonse?"

"Anasiya 'ayi' yekha."

Atelala anavalanso magalasi. Kenako anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapeza kuti anadula nsalu yonse ndi muyeso wa kasitomala wina. Anauza wometa kuti abwerere ku mutu wake, nakankha chitseko.

"Chabwino. Tidzayambiranso, koma pang'onopang'ono, si zotuluka tsiku lililonse." Anakhala pansi, nayang'ana akazi awo, osati m'mbali. "Nanga inu, mayi? Poti inu m'kachipindamo simunalowe."

Mayi anatsegula pakamwa kufuna nambala, koma nambala sinabwere.

"Ayi..." anatero.

Atelala anakankhira kapilo ka mapini kutali, napinda manja, nadikira mawu otsalawo.