Chipululu cha m'Shedi ya Tarsizio

Tarsizio anamanga chipululu kuseri kwa nyumba yake ku Tyrrelstown, m'kashedi ka matabwa komwe eni nyumba ankasungiramo makina otchetchera kapinga. Musamuseke, mwamunayu mutu wake unali bwinobwino. Anali ndi mantha basi, ndipo mantha akamugwira munthu amamupatsa nzeru zachilendo.

Manthawo anali ndi pochokera. Mkulu wake Dominiko, yemwe anamuitanitsa ku Ireland n'kumuphunzitsa kuthamanga, anatumizidwa ndi kampani yawo kukagwira ntchito kudziko lina la Aluya, komwe mchenga umawotcha phazi ngakhale lili m'nsapato. Kuno ku Dublin Dominiko ankathamanga masana, nthawi ya nkhomaliro, poti m'nyengo yozizira dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Atafika kuchipululu sanasinthe. Anzake anamuuza kuti kumeneko anthu amathamanga mbandakucha kapena m'nyumba zoziziritsidwa, iye n'kuseka, amvekere mwana wa ku Nsanje sangaopsezedwe ndi dzuwa. Anamupeza atagwa m'mbali mwa msewu, m'botolo mwake mulibe ndi dontho lomwe. Thaulo linali m'khosi, lomangidwa mfundo kumapeto kumodzi monga ankachitira nthawi zonse kuti lisasokonezeke ndi la wina.

Maliro asanaiwalike, kampani ija inalengeza zotseka nthambi yake ya ku Mulhuddart, n'kuuza Tarsizio kuti ntchito yake ili kuchipululu komweko, anyamuke Khirisimasi ikangotha.

"Thupi langa lisakadzidzimuke ngati la achimwene," anauza mkazi wake Bernadette. "Likafike litazolowera kale."

Analowetsa m'shedimo njinga yopalasa uli pamalo amodzi. Kenako anakabwereka hita ya gasi kwa Kanyanta, mnzake wa ku Zambia wokhala nyumba yoyandikana nayo.

"Ni yakudala iyi, mudala," anatero Kanyanta. "Flame yake siili bwino. Muzisiyako chabe ka window kotsegula."

Tarsizio anavomera ndi mutu, koma mumtima anaseka. Chipululu chotsegula zenera n'chipululu chanji? Zeneralo analimata ndi tepi. Ming'alu ya matabwa anaitseka ndi masokosi akale, ndipo pansi pa chitseko ankayalapo thaulo kuti mphepo ya ku Ireland isapeze polowera. Popeza unali mwezi wa Novembala, womwe Akatolika amakumbukira omwalira, anaika chithunzi cha Dominiko pashelefu, kandulo patsogolo pake. Akachokera ku ntchito ankayatsa hita, kuyatsa kandulo, kukhoma chitseko n'kuyamba kupalasa.

Masiku oyamba zinamukomera. Thukuta linkachita kuyenderera mpaka m'nsapato. Mutu unkawawa ndithu, koma iye ankati ndiye kuti ntchito ikuyenda, thupi likuphunzira. Chomwe sichinkamusangalatsa chinali kandulo. Ankaiyatsa lawi lili njo, koma akapalasa kanthawi lawilo linkafupika, n'kufupikabe, mpaka kutsala kadontho kofiira konjenjemera, chonsecho m'shedimo munalibe mphepo. Anasintha kandulo, kugula ina ya kutchalitchi. Nayonso inachita chimodzimodzi.

Tsiku lina masana, mvula ikuwaza padenga, anadzutsa mutu kuti apukute nkhope. Pachitseko panaima munthu. Anavala kabudula wothamangira, anamufulatira, ndipo dzanja lake lamanja linali kumbuyo, likukodola. Tarsizio dzanja limenelo ankalidziwa kuposa lake lomwe. Ndi mmene Dominiko ankachitira akamathamanga m'mbali mwa mtsinje wa Tolka, mng'ono wake akatsalira: osacheuka, osalankhula, kungokodola kuti tiye.

Miyendo inapitiriza kupalasa yokha. Tarsizio anatsinzina, tsitsi lili nyaunyau, n'kuyamba Tikuoneni Maria. Atatsegula maso panalibe munthu, koma chitseko ndi thaulo lake. Anazimitsa hita, n'kutuluka ali dzandidzandi, ndipo anasanza pakapinga.

Anayesa kubisa, koma Bernadette si mkazi womubisira kanthu. Mwana wawo Sophie atapita kuchipinda chake, anamufunsa mpaka anaulula. Mayiyo anachita chizindikiro cha mtanda, kenako mkwiyo unamukwera. Alamu akewo ankawakonda, koma sanawakhululukire chifukwa chofa ndi makani.

"Akufuna chiyani alamu? Anapita okha ndi liuma lawo, tsopano asowa wothamanga naye?" Anagwira mwamuna wake pamkono mpaka zala zinadinda. "Bambo a Sophie, mundimvetsetse. Womwalira akakukodolani musayankhe, musamutsate. Ngakhale phazi limodzi musasunthe kulowera komwe aliko. Kwathu ndi mwana yemwe amadziwa zimenezi. Ndipo shediyo muisiye."

"Ndikathawa shedi, desert yeniyeniyo ndikaipirira bwanji?"

"Ndiye mulonjeze chimodzi chokha. Musawatsate."

Analonjeza. Bernadette anawaza madzi odalitsa pachitseko cha shedi, n'kupempha abambo mfumu Misa ya Dominiko. Koma mlendoyo sanasiye kubwera. Ankadikira kandulo ifooke, mutu uyambe kugunda, ndiye n'kuonekera pamalo pake pomwe paja, dzanja likukodola. Tarsizio ankayang'ana pansi n'kumapalasa, mtima ukumupweteka, chifukwa m'moyo wake wonse anali asanakanepo dzanja limenelo. Zinkamumvetsa chisoni kuti munthu amene ankamusowa usana ndi usiku wabwera, iye n'kumamuopa ngati mfiti.

Loweruka lina mmawa Bernadette anatenga Sophie kupita kokagula zinthu ku Blanchardstown. Asananyamuke anamupatsa thaulo lobiriwira lomwe anali atangolisita.

"Osachedwamo lero," anatero. "Nkhope yanu sikundisangalatsa."

Koma Tarsizio anali ataganiza kale kuti tsiku limeneli ndi loyesa mphamvu zenizeni. Nthawi yonyamuka inali kuyandikira, ndipo amene anafika kuchipululuko ankati kutentha kwa m'shedi mwake n'kwamasewera. Anayala thaulo lija pansi pa chitseko, kulikanikiza bwino ndi phazi, n'kukoka loko wa pamwamba. Hita anaitsegula mpaka pomalizira.

Anapalasa. Mutu unayamba kugunda msanga kuposa masiku onse. Mvula ya padenga inasintha kamvekedwe, inayamba kumveka ngati mchenga ukukhuthuka pamatabwa. Lawi la kandulo linafupika, linagwada, kenako linazima, kautsi kake kakukwera mowongoka.

Dominiko anali pachitseko. Ulendo uno anatembenuka.

Milomo yake inali yong'aluka, yotuwa ndi fumbi, maso ofiira. Sanamwetulire. Anakodola ndi manja onse awiri, mwachangu, ngati munthu woitana mwana amene waima pakati pa msewu.

Tarsizio anatsika panjinga, miyendo n'kumukana. Anagwa ndi maondo. Mawu a Bernadette anamubwerera, musawatsate, ndipo anakwawa chobwerera m'mbuyo mpaka kukona ya kutali ndi chitseko, pafupi ndi hita, n'kutsamira khoma. Anafuna kupemphera koma mawu a pemphero anabalalika. Kenako mutu unaleka kuwawa. Kunabwera tulo tokoma, tofewa, toti munthu sangatikane. Anaganiza za Sophie, kuti adzamupeza atakhala pomwepa, ndipo anadabwa kuti ganizolo silikumupatsa mphamvu yodzuka.

Anatukula zikope movutikira. Mkulu wake anali atagwada pachitseko, nkhope zawo zikuyang'anizana, ndipo pankhopeyo panalibe njala ya womwalira yomwe anthu amanena. Panali ukali uja wa masiku akale, wa pachitunda cha ku Mulhuddart, Tarsizio akakhala pansi n'kunena kuti watopa, Dominiko n'kukana kumusiya.

Munthu ameneyu anamugwira dzanja tsiku loyamba kupita kusukulu. Anamudikira pabwalo la ndege atanyamula jekete, podziwa kuti mng'ono wake abwera ndi malaya okha. Analowera kuti komwe Tarsizio anatsatira n'kukapeza choipa? Ndipo anafa yekhayekha m'mbali mwa msewu wa eni, popanda womupatsa madzi.

"Pepa, Bernadette," anatero, kapena anangoganiza kuti watero. "Achimwene, ndikubwera."

Anagona chafufumimba n'kuyamba kudzikoka ndi zigongono. Shediyo ndi yaing'ono, koma tsiku limenelo inatalika. Ankaona mapazi a Dominiko akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, iye n'kumawatsata, akudziwa bwino lomwe kuti akutsata imfa yake. Anadutsa njinga. Mdima unayamba kutseka m'mbali mwa maso. Chomaliza chomwe anamva chinali kuzizira pankhope.

Anatsitsimuka ali m'ambulansi, chopumira chili kukamwa, Bernadette akulira pambali pake. Pobwera kokagula zinthu kuja, mkaziyo anamupeza atagona pakapinga, mvula ikumunyowetsa, chitseko cha shedi chili pululu. Kuchipatala dokotala wachizimayi anawafotokozera mosapsatira. Hita yakale ya gasi ikamayaka m'chipinda chotsekedwa imatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha, wosaoneka. Umawawitsa mutu, umasanzitsa, ena umawaonetsa zinthu zomwe palibe, kenako umagoneka munthu tulo tosadzuka. Anati akanakhalamo kanthawi kena pang'ono, bwenzi akukamba zina.

"Mwachita mwayi kuti munaganiza zotuluka," anatero dokotalayo.

Dokotalayo atachoka, Bernadette anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Ndiye kuti chitseko," anayamba, koma sanamalize. "Ine ndinkakuuzani kuti musayandikire chitseko."

"Unkanditeteza."

"Munawatsata?"

"Ndinawatsata. Koma Bernadette, ine loko sindinamugwire. Ali pamwamba, ndipo ine ngakhale kugwada sindikanatha. Ndikukumbukira kukwawa basi."

"Mwaiwala chabe. A dokotala anena kuti mpweyawo umasokoneza mutu."

Tarsizio sanatsutse. Mwina zinalidi choncho. Munthu wophunzira anali atanena, ndipo iye analibe mphamvu zolimbana ndi aliyense.

Mawa lake masana Bernadette anabweranso ndi zovala zoti asinthe. Kanyanta anali atakataya hita ija, akudzitukwana yekha njira yonse. Koma mayiyo sanakambe zimenezo. Anakhala pampando osavula jekete, n'kutulutsa m'chikwama thaulo lobiriwira lija.

"Ndinapita kukatseka shedi," anatero. "Ili silinali pansi. Ndalipeza litapachikidwa panjinga."

Analiika pabedi. Kumapeto kumodzi kunali mfundo, yomangidwa mothina, mwaukhondo, ndi munthu wosapupuluma.

"Mwamanga ndinu, bambo a Sophie?"

Tarsizio anapukusa mutu. Anatenga mfundoyo n'kuifumbata, misozi ikutsikira m'makutu. Bernadette anatsika pampando, anagwada pansi monga amagwadira mkazi polankhula ndi akulu a kuchimuna, n'kuyang'ana thaulo lija.

"Alamu," anatero chapansipansi, "ndinakunenerani zoipa. Mundikhululukire."