Mamasiki a m'jumbo ya Petulo

Mvula itakokolola mlatho wa kwathu ku Dzoole, minibasi yopita ku Madisi inatsala imodzi yokha, yodzera njira yozungulira. Apo n'kuti lamulo la kolona litabwera: awiri pampando, aliyense masiki pakamwa. Ine ndinayenera kufika tsiku lomwelo. Mayi Safiya, eni golosale ina ku Madisi, anali atanena kuti ntchito yogulitsa ndi yanga ndikafika dzuwa lisanapendeke, apo ayi aitana wina. Chimalizireni Fomu 4 ndinkangosoka fodya pakhomo.

Awiri pampando? Tinalipo asanu. Bambo wina anandikhalira ntchafu, nkhuku zake zili pamapazi panga. Ndinangopirira. Ine kulankhula pagulu kumandivuta. Ngakhale kusukulu yankho ndinkalidziwa koma dzanja osakweza.

Tikuyandikira rodibuloko, dalaivala anaima. Kondakitala, Petulo, anatsitsa anthu owonjezera kuti adutse m'munda wa chimanga, tikawapeze kutsogolo. Kenako anasolola jumbo pansi pa mpando n'kuyamba kugawa mamasiki.

"Valani, valani! Tikadutsa mubweze, si mphatso."

"Iwe Petulo, amenewa unachapa liti?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Sopo mugula ndinu, amayi? Kolona ndi wa m'tauni, inu anu ndi malungo."

Anthu anaseka. Imene anandipatsa ine inali yonyowa. Mkati mwake munali banga lachikasu, ndipo inkanunkha kachasu ndi chingambwe. Ndinangoigwira ndi zala ziwiri.

"Asisi, mukuipenda ngati ya pa kaunjika? Valani kapena tsikani."

Ndinaganiza za golosale ija. Ndinavala.

Ndinayesa kusapuma, koma wapolisi anachedwa pawindo la dalaivala, akuseka nkhani za mpira. Chinyezi chija chinandimata pamilomo. Malovu a munthu amene sindimudziwa. Mseru unakwera, ndipo ndinasanzira momwemo, masanzi n'kuyenderera pa bulauzi yomwe ndinasita m'mawa.

"Uyu akudwala!" Wapolisi anabwerera m'mbuyo. "Atsike. Galimoto siyenda naye."

Onse anandiyang'ana ngati matendawo ndabwera nawo ndine. Mayi wa kumbuyo uja anatembenukira pawindo. Ndinafuna kunena kuti ndi masiki, mawu ake ndinali nawo, koma Petulo anali ataponya kale chikwama changa pansi.

"Masiki yanga, asisi."

Ndinamupatsa. Anaikutumula kawiri n'kuibweza m'jumbo.

Bulauzi ndinaichapa pa mjigo ili m'thupi, n'kuuyamba wapansi. Wakabaza mmodzi anaima, atamva fungo anapitirira. Ku Madisi ndinafika dzuwa litapendeka kale. Kuseri kwa kauntala kunali mtsikana wina, akuphunzitsidwa kupima shuga. Mayi Safiya anandiyang'ana pachifuwa, n'kundifunsa chimene ndikufuna kugula.